Chaka Chimene Ndinanenepetsa Bambo Anu

Ana inu, Tadala ndi Chisomo, khalani pansi. Tadala, iwe ndiwe wamkulu, uwerenge mokweza kuti mng'ono wako amve. Foni uyiike kaye pambali, siithawa.

Mwina mukudabwa kuti anganga anu akulemba m'malo moyankhula. Ine pakamwa pamandilemera kuyambira kale. Ndili mtsikana pasukulu, aphunzitsi akandiloza ndinkangoyang'ana zala zakuphazi mpaka atandidumpha. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kope n'kulisomeka kudenga. Tsitsi layera, koma khalidwelo silinandichoke. Patchuthi chapitachi munakhala kuno masabata atatu, nkhaniyi ili pammero panga, koma sinatuluke.

Mayi anu andiuza pafoni kuti iwe Tadala unalira sabata yatha. Akuti anzako akusukulu anaona bambo ako pamsewu ndi ndodo yawo, malaya akuwalendewera, n'kukufunsa kuti akudwala chiyani. Akuti unafika kunyumba n'kuwanena mayi ako kuti akuwamana chakudya, ndipo m'mawa mwake unawagulira bambo ako mandasi ndi chakumwa cha m'botolo mobisa. Sindikukukalipira, mwanawe. Mtima umene unakutumawo ndimaudziwa, chifukwa unandituma ine kale, ndipo unatsala pang'ono kundiphera mwana. Bambo anu akuonda chifukwa achipatala anawauza kuti atero kuti akhale ndi moyo. Aka n'kachiwiri kuyesa. Koyamba amene anawasokoneza ndine.

Koma ndiyambire kutali, monga timachitira ife okalamba.

Ifetu tinakula osadziwa kulemera kwathu. Sikelo inali ya mpunga ndi thonje, munthu sankakwerapo. Kusukulu tinkanyamuka mame asanaume, titadya mbatata yozizira ya dzulo. Loweruka tinkasenza madengu a matemba kuchokera kudooko mpaka kumsika wa Songani, wapansi, nkhata ili pamutu. Tinkafika dzuwa lili paliwombo, makosi atauma ngati mitengo. Iwe Chisomo, amene unapempha njinga yamoto kuti ikufikitse kwa azakhali ako kuseri kwa tchalitchi pompa, ukanakomoka tisanatuluke m'mudzi. Chaka china nyanja ya Chilwa inauma, ndipo tinayenda wapansi mpaka ku chilumba cha Chisi, kuponda matope osweka ngati mapale. Malemu anganga anu aamuna ndinakawaona koyamba kumeneko. Anali woonda ngati bango, koma nyanja itadzazanso ankakankha bwato ndi nsungwi kuyambira m'mawa mpaka madzulo osadandaula msana.

Musaganize kuti ndikunena kuti kale zonse zinali bwino. Okalambafe timakonda kunama pamenepo. Anyamata a kuno ankakodza magazi chifukwa cha likodzo, akuluakulu n'kumati ndiko kukula. Dzinja likafika kunkabwera kutsegula m'mimba kochokera m'madzi, n'kutenga anthu atatu m'nyumba imodzi. Amayi anga anabereka ana asanu ndi anayi, tinakula anayi. Matenda athu anali a madzi, a udzudzu ndi a njala. Onsewo ankadya mnofu wa munthu. N'chifukwa chake tikaona mnofu tinkaona moyo.

Munthu wonenepa tinkamuona mwa apo ndi apo. Kunkabwera wogula nsomba wina wa ku Limbe, mimba ili patsogolo ngati mtsuko. Akafika padooko anthu ankathamanga kukamupezera mpando, ife ana n'kumuzungulira. Amayi anga ankati, "Taonani munthu amene Mulungu anamukumbukira." Mkazi akanenepa pabanja ankatama mwamuna wake. Mwamuna akanenepa ankatama manja a mkazi. Palibe amene anatiuzapo kuti mafuta nawo amapha.

Kenako zinafika zaka zoipa, inu musanabadwe. Ndinali ndi ana aamuna awiri: Fesitoni, woyamba, ndi Edisoni, amene ndi bambo anuwa. Fesitoni simunamuone. Anali wanthabwala, ankatha kuyesezera mayendedwe a munthu aliyense m'mudzi muno, ngakhale anga. Anapita kukagwira ntchito ku Blantyre ali ndi masaya. Anabwerako atanyamulidwa pamatola, ndipo ine ndemwe, mkazi, ndinamunyamula ndekha kumulowetsa m'nyumba, chifukwa analibe kulemera. Nthawi imeneyo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwathu kuno. Anthu ankaonda n'kumwalira, kuonda n'kumwalira, mpaka maso a mudzi wonse anaphunzira kuyeza. Tikakhala pamaliro, amayi ankayang'ana makosi a anthu amoyo n'kumanong'onezana kuti wotsatira ndi uje.

Titaika Fesitoni ndinalumbira mumtima kuti amene wanditsalirayu sadzaonda ndili moyo. Mumandiseka mukafika kuno kuti anganga amatsina mikono ya anthu ngati akugula nkhuku. Khalidwe limenelo linayambira pamenepo. Mwana wanga aliyense akatsika galimoto, moni usanathe, dzanja langa limakhala litagwira kale mkono wake pamwamba pa chigongono.

Bambo anu atapeza ntchito yoyendetsa minibasi ku Zomba, mkono unayamba kudzaza. Chaka ndi chaka zala zanga zinkatalikirana. Ndinkanyadira, ana inu! Lamulungu ndinkawayendetsa dala pakati pa anthu potuluka m'tchalitchi kuti aliyense aone khosi limenelo. Mwezi uliwonse ndinkatumiza katoni ya milamba yowamba, nditaithira mchere wambiri kuti isaonongeke m'njira.

Iwe Tadala utabadwa ndinabwera kwanuko ku Chinamwali kudzathandiza mayi ako, ndipo ndinaona mmene anthu amakhalira m'tauni. Bambo anu ankakhala pampando wa galimoto kuyambira m'mamawa mpaka madzulo. Masana ankadya tchipisi ndi nyama yonona ya pachiwaya, n'kutsitsira ndi zakumwa zotsekemera. Ana asukulu ankadutsa milomo ili yofiira ndi mafirizesi, zigege zili m'manja. Makanda ankayamwa madzi a shuga m'mabotolo asanamere mano, ndipo manowo ankamera n'kuola. Anzanga okalamba ndiwo ankandimvetsa chisoni. Panali agogo ena aamuna pafupi nanu, mlimi wa ku Phalombe amene ana awo anawatengera m'tauni kuti akapume. Ankangokhala pakhonde kuseri kwa mpanda, khasu alibe, poyenda alibe, miyendo ikutupa. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mayi, kuno andisunga bwino ngati mbuzi ya Khirisimasi." Ndinaseka. Zonsezo ndinkaziona, koma sindinaone kuti akutanthauzanso mwana wanga.

Zaka zinapita. Tsiku lina, nyengo yokolola mpunga, bambo anu anafika kuno ndi mayi anu. Ndinali pabwalo ndikupuntha mpunga ndi mnzanga Abiti Saidi, amene mumamudziwa uja, wa kuseri kwa mzikiti. Ndinathamanga kukawachingamira, n'kugwira mkono. Mnofu unali utachoka. Ndinayang'ana khosi, kolala ya malaya ili pululu. Ndinakhala pansi pomwepo pa mapesi a mpunga.

"Amayi, musachite mantha," anatero bambo anu akuseka. "Ndikuchita kufuna. Kuchipatala anandipeza ndi shuga ndi bipi, magazi akuthamanga kwambiri. Anati ndichepetse thupi, ndisiye mchere ndi zotsekemera, ndiziyenda m'mawa uliwonse. Panopa mutu unasiya kundipweteka."

"Iwe Edisoni, munthu amachita kufuna kuonda?"

"Ee, amayi. Kabuku ka kuchipatala ndi aka, onani."

"Mkulu wako nayenso anali ndi kabuku."

M'mawa mwake ndinawaona akumeza timapiritsi ndi madzi kuseri kwa nyumba. Ndinafunsa mayi anu kuti amamwa masiku angati. Anati tsiku lililonse, moyo wawo wonse. Ine matenda omwera mankhwala tsiku lililonse ndinkadziwa amodzi okha. Ndinati basi, akundibisira. Tsopano ndikakumbuka ndimadzifunsa kuti ngakhale akanakhala matenda amenewo, mantha anali a chiyani? Anthu ambiri m'mudzi muno akumwa mankhwala otalikitsa moyo ndipo akulima kuposa ine. Koma mantha akale samva zatsopano.

Lamulungu kutchalitchi ndinamva kunong'ona kumbuyo kwanga. Mayi wina anandigwira dzanja potuluka n'kunena kuti, "Limbani mtima, amake Fesitoni, tikukupemphererani." Ndinabwerera kunyumba. Ndinapha nkhuku yonona, ndinakazinga milamba m'mafuta, ndinapanga tiyi wa shuga woti supuni iime. Bambo anu anati sangadye zimenezo. Ndinalira pamaso pawo, ine mayi wawo.

"Ndinaika mmodzi," ndinatero. "Ngati umandikonda, usadzabwerenso pakhomo pano ndi khosi lotere."

Anasamba m'manja n'kudya. Mayi anu anangoweramitsa mutu.

Abiti Saidi anandidzudzula tsiku lomwelo, pakuti iye pakamwa sipamulemera.

"Amake Fesitoni, mwapenga? Amuna anga chaka chilichonse akamasala Ramadani amatsala mafupa okhaokha. Munamvapo kuti tawakumbira manda? Mwana wakuuzani chimene akudwala, inu mukufuna adwale chimene mukuchidziwa inu."

"Inu simunaikepo mwana wamkulu," ndinamuyankha. Anabwerera kwawo, ndipo ine ndinaona ngati ndapambana.

Sindinalekere pamenepo. Mpunga utalowa m'matumba ndinakwera galimoto kubwera ku Chinamwali, n'kukhala miyezi iwiri. Tadala, mwina ukukumbuka, unali sitandade 5, ndipo unkakondwa kuti anganga amaphika zokoma kuposa amayi. Ndinalanda khitchini ya mayi anu. Iwo ankaphika masamba owiritsa, nyemba, nsomba yopanda mafuta, mgaiwa pang'ono. Ine ndinkayang'ana mbalezo n'kunena kuti, "Apongozi, kodi kwanu mwamuna mumamudyetsa ngati wandende?" Iwo ankangoti, "Pepani amayi, ndi mmene ananenera adokotala." Sanandiyankhepo mwano ngakhale tsiku limodzi.

M'mawa bambo anu akavala nsapato kuti akayende, ndinkaima pakhomo. Ndinkati munthu woyendetsa galimoto kuyenda wapansi ngati wosowa, anthu aziti chiyani? Akatenga mapiritsi ndinkatembenukira kukhoma n'kuyamba kusisima. Anayamba kumwera kuntchito kuti ndisaone. Kenako anayamba kuiwala. Kenako botolo linatha ndipo sanapite kukatenga ena. Pamene ndinkabwerera kuno, mkono unali utadzazanso. Ndinayimba nyimbo ulendo wonse mpaka kutsika.

Patapita chaka ndi miyezi, foni inalira ndili kudimba. Anali mayi anu. Bambo anu anagwa m'mawa kudepoti akutsegula chitseko cha minibasi. Mulungu anachita chifundo kuti anali asananyamule anthu. Ndinawapeza m'chipatala pakamwa patakhota, mkono ndi mwendo wakumanja zitafooka. Anandiyang'ana n'kuyesa kunena kuti amayi, koma mawu anatuluka ngati a mwana wophunzira kuyankhula. Anali wonenepa bwino, ana inu. Bedi linali lodzaza.

Masana anabwera dokotala wina wamkazi, wamng'ono msinkhu ngati mwana wanga. Anatsegula kabuku kaja n'kumatembenuza masamba.

"Apa zinkayenda bwino kwambiri," anatero. "Thupi linatsika, shuga anatsika, magazi anali m'malo mwake. Kenako anangosiya kubwera. Chinachitika n'chiyani? Kunyumba amaphika ndani?"

Mayi anu anayankha msanga. "Ndine, adokotala. Ndinalekerera."

Dokotala uja anayamba kuwadzudzula, mofatsa koma mawu ake olasa, ndipo anthu a pamabedi ena anatembenuka kumvetsera. Mayi anu anangolandira mlandu wanga. Ine ndinayang'ana pansi. Mtima unkati khala chete, zidutsa. Koma ndinaona dzanja la mayi anu likupukuta malovu pakamwa pa mwana wanga, ndipo ndinaimirira.

"Adokotala, akunama awa. Akundibisa ine. Iwowa ankaphika mmene munanenera. Ndinabwera ndine kuchokera kunyanja kudzawalanda miphika. Mapiritsi anasiya chifukwa cha misozi yanga."

Mawu anga anamveka mpaka kuchitseko. Dokotala uja anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanandikalipire. Anakoka mpando n'kundikhazika, ndipo anandifotokozera ndi chitsanzo chimene ndikanamva: anati mitsempha ya munthu ili ngati ngalande za m'munda wa mpunga, madzi akachuluka mphamvu amagumula mzere pamene pali pofooka. Anati matenda a shuga ndi bipi amakonda kubisala m'thupi looneka bwino, ndipo m'tauni akugwira anthu ambiri amene ali pa msinkhu wa bambo anu, ena ocheperapo. Anati inenso ndikwere pasikelo ndipo andiyeze magazi. Ndinakwera koyamba m'moyo wanga. Anandipeza ndi bipi, ine woonda ndi kale. Choncho musamayeze munthu ndi maso, kaya wanenepa kaya waonda. Panopa nanenso ndimameza kapiritsi kanga m'mawa uliwonse, pabwalo, aliyense akuona.

Tili panja pa chipatala ndinagwada pamaso pa mayi anu. Kwathu kuno mpongozi wamkulu sagwadira wamng'ono, ndipo iwo anachita mantha n'kugwadanso, tonse awiri maondo pa simenti, anthu akutilambalala.

"Amayi, dzukani, anthu akutiona."

"Atione. Ndinakulakwirani, mwana wanga."

"Munkawafunira moyo, amayi. Nanenso ndimawafunira womwewo."

Nditabwerera kuno Abiti Saidi sananene kuti ndinakuuzani. Anangobwera ndi nkhwani ndi therere la m'dimba mwake n'kunena kuti, "Tumizani izi m'malo mwa mchere wanu uja. Ndipo inuyo muchepetse shuga mu tiyi, mwakula, simuli pa chinamwali."

Zotsalazo mwaziona ndi maso anu. Bambo anu anaphunziranso kuyankhula, anaphunziranso kugwira supuni. Galimoto sangayendetsenso, ndipo mayi anu ndi amene akusenza nyumba ndi geni yawo yakumsika. Chimenecho sindingachibweze. Koma mwana wanga ali moyo, akuyenda, ndipo achipatala akuti akapitiriza chonchi adzaona adzukulu ake. Akabwerera m'mbuyo, kugwa kwachiwiri sikuchitira munthu chifundo. Bambo anu ndi munthu wofewa mtima, sakana chimene wapatsidwa ndi munthu amene amamukonda. Anadya nkhuku yanga chifukwa cha misozi yanga. Mandasi akowo, Tadala, adzadyanso chifukwa cha misozi yako. Tsono usawaike pamayeso amenewo.

Inu nomwe sindikusiyani. Chisomo, ndinaona mmene umakanira madzi kufuna zamitundumitundu za m'mapepala, ndipo dzino lako lija ndinaliona ngakhale unkaseka utatseka pakamwa. Tadala, iwe ndinamva ukuuza mwana wa azakhali ako kuti sudya masana kuti ukhale ngati atsikana a mufoni. Dziko ili! Ine ndinkaopa kuonda, iwe ukuopa kunenepa, ndipo pamsewu ukuchitanso manyazi ndi kuonda kwa bambo ako. Tonse tikuopa maso a anthu. Idya, mwanawe, udye chakudya chenicheni, uziyenda, ndipo za m'thupi mwako uzifunsa kuchipatala.

Bambo anu akubwera kuno mpunga ukacha. Lamulungu lapitali, mapemphero atatha, ndinapempha mpata kwa amayi a kumpingo. Ndinaima kutsogolo ndipo ndinati, "Mwana wanga Edisoni akubwera, ndipo akubwera woonda. Akudwala shuga ndi bipi, akumwa mankhwala, ndipo kuondako ndi kuchira kwake. Amene ali ndi funso abwere kwa ine, asanong'one." Kenako mayi uja anandigwira dzanja kale uja anakweza mkono n'kufunsa kuti, "Nanga bipi ameneyo amayeza kuti? Amuna anga mutu sukuwatha." Lachitatu tinapita kuchipatala cha kuno amayi asanu ndi mmodzi, ndi abambo awiri okokedwa.

Ngati ine ndinatha kuima pamaso pa mpingo, iwe Tadala ungathe kuyankha atsikana atatu a m'kalasi mwako. Akakufunsanso, uwauze kuti bambo anga anadwala sitiroko, akuchira, ndipo ndimayenda nawo ndine. Tsono kuti lisakhale bodza, Loweruka m'mawa mudzuke nonse awiri, muvale nsapato, mupite nawo. Amayenda pang'onopang'ono, musawathamangitse. Muyende mbali yakumanja, kumene kuli kofooka.

Mayi anu akuti lamba wa bambo anu wafika pa bowo lomaliza ndipo thalauza ikuwagwa. Mutenge msomali, muuotche pa mbaula, muboole bowo lina. Mukaboola mundiimbire foni, ndilulute kuno mpaka a ku Chisi afunse kuti kwa amake Fesitoni kwabadwa ndani.